Amalume, Musakhulupirire Katoni



Mauthenga anu onse asanu ndi awiri a pa WhatsApp ndawamva, kuphatikizapo uja munaiwala kuzimitsa foni n'kumakalipira nkhuku. Kuno ku Joni ndili bwino, kungoti chisanu cha Juni chimaluma mpaka m'mafupa, poti ntchito yanga ndi ya m'madzi.

Ndiyambe ndi kuulula. Benz ija munaiona pa Facebook si yanga. Ndinali nditangomaliza kuitsuka, mwini wake atalowa m'sitolo. Muwauze amayi asiye kulonjeza azimayi a kwaya kuti pa Khirisimasi ndidzawanyamula.

Tsono za maganizo anu otsegula malo otsukira galimoto pa boma la Chama. Mwaganiza bwino. Galimoto yochokera ku Lundazi imafika kwathuko ngati yafukulidwa m'munda, chilimwe fumbi, dzinja matope, ndiye onjezanipo njinga zamoto. Koma makina amene mwanditumizira chithunzi chawo aja, a katoni yolembedwa 200 bar ndi zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha ndale, asiyeni pomwepo.

Ine ndinapsa nawo kale. Abwana atandituma, ndinagula otchipa kwa mkulu wina m'tauni, chenji n'kulowetsa m'sokosi. Anagwira ntchito milungu itatu. Wachinayi anayamba kutsokomola ngati agogo atakoka chingambwe, madzi akutuluka paliponse kupatula kutsogolo. Malipiro a mwezi umenewo ndinangowamvera fungo.

Timakina timeneto anatipangira bambo wotsuka galimoto yake imodzi Loweruka, kenako n'kukagona. Inu mukufuna ng'ombe yolima tsiku lonse. Funsani pampu imene amati triplex: ili ndi mapisitoni atatu a seramiki, mutu wake ndi wa brass, ndipo imamwa oyilo wakewake, pali kagalasi koonerapo ngati watsika. Kuntchito kwathu tili ndi za ku Italy, Interpump ndi Annovi Reverberi. Ubwino wake zikadwala zimachira, chifukwa ma seal ndi ma valve amagulitsidwa paokha. Wogulitsa akakuuzani kuti zipangizo zimenezi alibe, tsanzikani mwaulemu. Funsaninso liwiro: pampu yozungulira ka 1450 pa mphindi imakalamba mochedwa kuposa ya 2800, monga mmene inu mwakhalitsira kuposa anzanu othamanga aja.

Nambala ya bar isakuzunguzeni mutu. Bar ndiye amakanda matope, koma amene amawakokolola ndi kuchuluka kwa madzi. Galimoto imayera bwinobwino ndi 150 bar, malinga pampu izitulutsa malita 12 mpaka 15 pa mphindi. Apa ndiye khalani pansi, Amalume. Malita 15 pa mphindi ndiye kuti dramu la malita 210 latha m'mphindi 14. Adzatunga ndani? Musayang'ane amayi akunyumba, ndikuwadziwa, nkhani imeneyi ikathera kubwalo la amfumu. Gulani thanki, muliike pamwamba pang'ono kuti madzi azitsikira okha ku pampu. Ikayamwa mphepo m'malo mwa madzi, ma seal amapsa inu mukadapereka moni kwa kasitomala.

Komanso madzi a mu mtsinje wa Kamphemba ali ndi mchenga, ndipo mchenga ndiye mfiti ya pampu, umadya m'kati mwakachetechete. Ikani sefa polowera madzi, muziitsuka tsiku ndi tsiku. Mnyamata amene mudzamulembe ntchito mumuuze kuti asamasiye makina akulira iye ali pa foni. Madzi akamangozungulira m'kati osatuluka amatentha, mphindi zochepa zokha zimakwana kuwononga.

Za magetsi, mukukumbukira 2024, madzi a mu damu la Kariba atachepa kwambiri, a Zesco akuwabweretsa usiku ngati mlendo wothawa ngongole. Tengani ya petulo, ya injini ngati Honda GX200, imene makaniko wa njinga zamoto sangachite nayo mantha. Injini imathamanga kuposa mmene pampu yodekha imafunira, choncho pakati pakhale giyabokosi kapena lamba.

Funso lanu lomaliza lija, lakuti kodi makinawa angapirikitse njovu m'munda wa mpunga. Ayi. Njovu ya ku Luangwa idzaganiza kuti mwaitsegulira bafa, mawa ibwera ndi ana. Koma pa munthu si zoseweretsa. Pali kamlomo kofiira kamene kamaponya madzi ngati singano. Tsiku langa loyamba ndinati ndichotse thovu pa phazi, nditavala patapata. Chikhadabo cha chala chachikulu chinapita, ndipo mpaka lero sichinabwerere m'malo mwake bwino. Potsuka galimoto muzigwiritsa kobiriwira kapena koyera, apo ayi mudzasenda penti ya galimoto ya munthu wa boma, mlandu wake n'kugulitsa mbuzi zonse.

Ndikhoza kukugulirani makinawa kuno, ndiwakweze basi yodzera pa Kazungula mpaka Lusaka, kenako Chipata, Lundazi. Koma theka la ndalama litsogole, pamodzi ndi ya kasitomu. Ya njinga ija ya 2019 sindikuitchula, ndangoikumbukira.

Wina akamabwera kuno, mumupatsire thumba la mpunga wathu wa Chama. Wa kuno ukapsa sununkhira n'komwe, anansi sadziwa kuti waphika.

Ndatha ine mwana wa mlongo wanu,
wa Benz ya eni ake.