Mutu Umodzi Susenza Denga, Ngakhale Utakhala wa Kampango

Mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga unabadwa m'masiku amene denga linkamangidwira pansi. Mwini nyumba ankalumikiza phaso ndi luzi pabwalo, kenako n'kuitana anzake kuti adzathandizane kulikweza pamwamba pa nyumba kapena nkhokwe. Wodzikonda amene sankafuna kupempha anzake ankagona akuwerenga nyenyezi. Lero ku Chintheche ndi ku Kande madenga ambiri ndi a malata, ena ogulidwa ndi ndalama za ana amene ali ku Joni, ndipo mmisiri amakhomera ali pamwamba pomwepo. Mwambiwu ukanapuma pantchito, koma unapeza ganyu kukhitchini, pa nkhani ya mapuloteni, amene achipatala amawatchula kuti zakudya zomanga thupi.

Mapuloteni amapangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino asidi, ndipo thupi la munthu limagwiritsa ntchito mitundu 20. Mitundu 11 limatha kudzipangira lokha, koma 9 yotsalayo iyenera kulowera pakamwa basi: histidine, isoleucine, leucine, lysine, methionine, phenylalanine, threonine, tryptophan ndi valine. Amenewa ndiwo osenza denga. Thupi likafuna kumanga mnofu, magazi, khungu kapena chitetezo cholimbana ndi matenda, limawaitana onse asanu ndi anayi. Mmodzi akabwera wofooka, denga limakwera kulekezera pamene wofookayo wakwanitsa. Anzake asanu ndi atatu, kaya akhale adzitho otani, amangoima manja m'chiuno, ndipo thupi limawasandutsa mphamvu wamba, ntchito imene chinangwa chotsika mtengo chikanagwira. N'chifukwa chake akatswiri akaona chakudya safunsa kuchuluka kwa mapuloteni kokha. Amafunsanso kuti pa asanu ndi anayi aja wajomba ndani, komanso kuti mimba ikhoza kugaya zochuluka bwanji.

Za kuchuluka kwake, mabungwe a WHO, FAO ndi UNU anatulutsa muyezo mu 2007: munthu wamkulu wathanzi amafunika magalamu 0.83 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Msodzi wa ku Usisya wolemera makilogalamu 60 akufunika magalamu pafupifupi 50. Mayi woyembekezera amafunika kuwonjezera pang'onopang'ono, kufika magalamu 31 apadera m'miyezi itatu yomaliza, ndipo woyamwitsa amawonjezera magalamu 19 m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira. Wopalasa bwato usiku wonse amamva njala kuposa kalaliki wa kusukulu, komabe chimene thupi lake likulirira kwambiri ndi mphamvu, osati mapuloteni owirikiza kawiri, ngakhale iye mwini angatsutse zimenezi mbale ya nsomba ya batala ili patsogolo pake.

Tsono pabwalo pafika kondowole. M'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, nsima ya mabanja ambiri ndi ya chinangwa: amachikumba, kuchisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo, kuchiyanika, kenako n'kuchisinja. Kondowole ndi wamkulu thupi, wolemera, ndipo akalowa m'mimba masana satulukamo mawu mpaka madzulo. Aliyense womuona angaganize kuti dengali alinyamula yekha ndi dzanja limodzi. Koma pa magalamu 100 a ufa wa chinangwa, mapuloteni amangokhala galamu imodzi kapena awiri. Msodzi uja atati apeze magalamu ake 50 kwa kondowole yekha, angafunike kumaliza ufa woposa makilogalamu 3 pa tsiku, ndipo akatero bwato likhoza kukana kumunyamula.

Kumunyoza kondowole n'kulakwa ndithu. Chinangwa chimabereka pa dothi la mchenga pamene chimanga chimanyanyala, chimadikira m'nthaka mpaka mwini wake atachifuna, ndipo chapulumutsa anthu a kunyanja m'zaka zimene madera a chimanga ankalira njala. Komanso munthu akapanda kudya zokhutitsa zokwanira, thupi limatenga mapuloteni a ndiwo n'kuwatentha kuti lipeze mphamvu. Choncho kondowole ndiye amapatsa mpata osenza denga kuti agwire ntchito yawo yeniyeni. Vuto lake ndi lakuti amaima pamalo oonekera, anthu n'kumayamikira iye.

Pali ngongole inanso imene chinangwa chimabwera nayo. Mitundu yowawa, imene alimi ambiri a ku Nkhata Bay amaikonda, ili ndi poizoni wa cyanide. Katswiri wa ku Malawi, Linley Chiwona-Karltun, anafufuza m'bomali chifukwa chimene alimi, makamaka amayi, amasankhira chinangwa chowawa, ndipo china mwa zimene anapeza n'chakuti akuba ndi nyama zakutchire sizichikonda. Kuviika ndi kuyanika kumachotsa poizoni wambiri, koma wochepa amene watsala thupi limamusukulutsa pogwiritsa ntchito sulfure wochokera ku methionine ndi mnzake cysteine. Mwachidule, kondowole amabwera wopanda osenza denga, n'kubwerekanso mmodzi mwa amene alipo. Kumene kuviika kwafupikitsidwa chifukwa cha njala, ndiwo n'kusowanso, zotsatira zake si zoseketsa: mu 1981, nthawi ya chilala, anthu oposa 1,000 a m'chigawo cha Nampula ku Mozambique anapuwala miyendo ndi matenda a konzo. Amayi a kunyanja amene amakana kuvuula chinangwa tsiku lake lisanakwane akugwira ntchito yaudokotala popanda chovala choyera.

Chimanga chili bwinoko. Pa magalamu 100 a mgaiwa pamakhala magalamu 8 kapena 9 a mapuloteni, koma lysine ndi tryptophan amafika ali ofooka. Nyemba zouma zili ndi magalamu oposa 20, lysine wake ali wamphamvu, koma methionine wake ndi wopelewera, pamene chimanga chili naye wokwanirako. Nsima ya mgaiwa ndi nyemba zikakumana, wina amatseka pamene mnzake wasiya. Agogo amene ankapika nyemba ndi nsima sanamvepo za lysine, koma mwambi ankaudziwa. Sikofunika kuti zonse zikumane m'mbale imodzi. Zikadyedwa tsiku lomwelo, thupi limadziwa kuzilumikiza.

Kwa wodya kondowole masamu amavutirapo, chifukwa nsima yake siibweretsa chilichonse chogawana ndi nyemba. Chigwada, masamba a chinangwa chomwecho, ndi chodabwitsa: mapuloteni amene muzu unakana onse anathawira kumasamba, ndipo lysine alimo wokwanira. Kuchitendera ndi nsinjiro kumawonjezera ena, popeza mtedza uli ndi magalamu pafupifupi 25 pa 100 alionse. Komabe chigwada ndi chosauka pa methionine, mtedza nawonso si wolemera pamenepo. Kondowole, chigwada ndi nsinjiro ndi gulu laulemu, koma mbali imodzi ya denga imakhalabe yopendekeka.

Amene amabwera kudzawongola mbali imeneyo ndi wamng'ono ngati chala: usipa. Asodzi amaukola usiku ndi makoka a chilimira, atauitana ndi nyali zimene zimaoneka kuchokera kumtunda ngati mudzi woyandama. Ukauma pathandala, zoposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo onse asanu ndi anayi amakhalamo amphumphu. Usipa wodzaza m'dzanja, wolemera magalamu 30, umapereka magalamu 15 kapena kuposerapo, zomwe kondowole angafunike kilogalamu yathunthu ya ufa kuti afikepo. Popeza umadyedwa wonse, mutu, minga ndi za m'mimba, umabweretsanso kashiamu, ayironi ndi zinki. Chambo chili ndi dzina, chimajambulidwa pa zikwangwani za malo ogona alendo, koma pa ndalama yofanana usipa umadyetsa matupi ambiri. Utaka nawo ndi wa m'gulu lomwelo la ogwira ntchito osatchulidwa pa maliro.

Pa nkhani ya kugayika, zakudya zochokera ku nyama zili patsogolo. Muyezo umene FAO ndi WHO anafalitsa mu 1991 unaonetsa kuti thupi limagaya pafupifupi 97 peresenti ya mapuloteni a dzira, 94 ya nsomba ndi nyama, 85 ya chimanga, ndi 78 ya nyemba. Zotsala za nyembazo, pamodzi ndi mitundu ina ya shuga imene matumbo sagaya, zimadzilengeza zokha usiku. Njira yoyezera ubwino wa mapuloteni ya m'muyezo wa 1991 uja imatchedwa PDCAAS, ndipo mu 2013 FAO inalimbikitsa ina yatsopano, DIAAS, imene imayeza amino asidi aliyense payekha. Mayina asintha, koma funso ndi lomwe lija la wajomba ndani.

Pali chodabwitsa china cha masiku ano. Usipa wambiri sugona kunyanja. Amalonda amaugula m'ndowa m'mamawa, n'kuukweza pa magalimoto a mu msewu wa M5 wodutsa pa Mpamba kupita ku Mzuzu, wina mpaka ku Lilongwe. Ndalama ikalowa m'thumba la msodzi, ina imagula nyama ya soya ya m'pepala pa golosale. Pamenepo sanatayike kwenikweni, chifukwa soya ndi mfumu ya mbewu za mtundu wa nyemba, ndipo mapuloteni ake amayandikira a nyama. Koma ina imathera ku zakumwa zotsekemera ndi tchipisi, zimene zimafika pabwalo zitatchena bwino koma sizigwira phaso ngakhale limodzi. Kunyanja nako, asodzi akalowetsa ukonde wa udzudzu m'madzi zinthu zimaipiratu, poti umakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Bungwe la Ripple Africa, limene lili ku Mwaya, lakhala likugwira ntchito ndi makomiti a asodzi ndi mafumu polimbana ndi mchitidwe umenewu.

Nsomba ikafika pakhomo, mwambi umakumana ndi mayeso ake aakulu, pakuti mutu umodzi umene umatchuka kwambiri m'nyumba ndi wa kampango, ndipo mwini wake amadziwika kale. "Mutuwo ndi wa ada," amatero mayi, ana n'kubweza manja. Palibe cholakwika kulemekeza bambo. Koma masamu a thupi salabadira ulemu. Pa kilogalamu iliyonse, mwana wa chaka chimodzi amafunika mapuloteni ambiri kuposa bambo ake, kupitirira pang'ono galamu imodzi. Mwana wa makilogalamu 10 akufunika magalamu 11 okha, omwe mazira awiri akhoza kukwaniritsa, poti dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Chovuta n'chakuti kamimba kake n'kakang'ono. Kakadzaza ndi phala la ufa wa chinangwa ndi msuzi wa nsomba imene mnofu wake wapita kwa akuluakulu, mwana amagona wokhuta, osalira, koma osakula. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti 37 peresenti ya ana osakwana zaka zisanu ku Malawi anali opinimbira. Zifukwa zake n'zambiri, kuphatikizapo malungo, kutsegula m'mimba ndi kusowa kwa michere ina, koma mbale ya mwana ili m'gulu la zifukwazo.

Mankhwala ake si achilendo. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Likuni Phala, wosakaniza chimanga ndi soya, ndi mwambi womwewu woikidwa m'thumba. Kunyanja njira yapafupi ndi kusinja usipa wouma n'kuthira supuni imodzi kapena ziwiri m'phala la mwana amene wapitirira miyezi isanu ndi umodzi. Chikhulupiriro chakale chakuti mayi woyembekezera akadya mazira abereka mwana wopanda tsitsi chinapulumutsa anapiye ambiri, koma sichinathandize mwana aliyense. Ana ambiri amabadwa ndi tsitsi lochepa ngakhale mayi awo atalumbira kuti dzira sanaligwirepo.

Nyanja ilinso ndi wosenza denga wina amene amabwera wouluka. Nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi mwaunyinji, zimaoneka patali ngati utsi wa sitima imene ikupsa. Mphepo ikazikankhira kumtunda, amayi amazikola ndi madengu, kuzikanya n'kuziumba mabumbi oti aume. David Livingstone anazilawa paulendo wake wa panyanjayi mu 1861 ndipo anaziyerekezera ndi caviar, mazira a nsomba amene olemera a ku Ulaya amagula pa mtengo wokwera. Lero akatswiri a m'mayiko olemera amachititsa misonkhano yofotokoza kuti tizilombo ndi mapuloteni a m'tsogolo. Ku Usisya tsogolo limenelo lakhala likudyedwa ndi kondowole kuyambira kalekale.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya opitirira muyezo. Mnyamata wobwera kuchokera ku Johannesburg ndi chigubu cha ufa wa mapuloteni, amene amanyamula zitsulo kuseri kwa nyumba n'kudzijambula pa Facebook, akudya mapuloteni abwino ndithu, chifukwa ufa wotere kawirikawiri umachokera ku mkaka. Ochita masewero olimbitsa thupi kwambiri amafunikadi ochulukirapo, pakati pa magalamu 1.2 ndi 2 pa kilogalamu, ngakhale kuti usipa ndi mazira zikhoza kumufikitsa pomwepo ndi ndalama yochepa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti thupi lilibe nkhokwe ya mapuloteni monga mmene limasungira mafuta. Kudya nsomba zisanu Lamlungu sikulipira ngongole ya Lachitatu. Opyola muyezo amasandutsidwa mphamvu kapena mafuta, ndipo nayitirojeni wake chiwindi chimamusandutsa urea, impso n'kumutulutsa. Kwa munthu wathanzi zimenezi sizivulaza, koma amene ali ndi vuto la impso ayenera kufunsa dokotala asanatsegule chigubucho. Kwa ena onse, gawo la ndalama za ku Joni zija limakathera kuseri kwa mtengo wa mango.