Zapampopi, Zapachigayo ndi Zam'nyumba Mwathu

Madzi anabwera m'bandakucha Loweruka atasowa masiku awiri, ndipo pamene ndinkafika pampopi wathu kuno ku Goliyo, mzere wa ndowa ndi zigubu unali utakhota kale kuseri kwa benchi ya mayi wa mandasi. Sindinadandaule. Mzere ukatalika nkhani nazonso zimatalika, ndipo ine ndimazikonda nkhani za m'Ndirande muno, makamaka zikafika pa mabanja. Pamenepo aliyense amakhala ndi mawu, ngakhale mtsikana amene sanafunsiridwepo n'komwe.

Yoyamba inali ya foni. Akuti cha ku Makata kuli bambo wina amene wakhala akulowa nayo foni kubafa, ataikulunga mujumbo kuti isanyowe. Mkazi wake atamufunsa, iye anati akudikira uthenga wa Airtel Money wochokera kwa abwana. Amayi anaseka mpaka wina anadzitayira madzi pachitenje. "Abwana ake ati otumiza ndalama munthu ali ndi thovu kumaso?" Mlandu unali utatsala pang'ono kugamulidwa pamene mlongo wake wa bamboyo, amene anali pamzere womwewo, anakweza mawu. Anati achimwene akewo ankabisa mauthenga a telala wina wa ku Limbe, amene ankamulipira pang'onopang'ono makina osokera akale kuti akawapereke kwa mkaziyo, chifukwa anaphunzira kusoka koma analibe poyambira. Anthu sanakondwere nawo mathero amenewa. "Aaa, mlongo angamunenere zoipa mbale wake?" Ine ndinakhulupirira, chifukwa makinawo ndinawaona ndi maso anga Lachinayi, akulira pakhonde, mayiyo akusoka yunifolomu ya mwana wa sukulu. Ndinaonanso kuti nkhani ija itangosanduka yabwino inafera pomwepo. Palibe amene anaisenza pamodzi ndi ndowa kupita nayo kwawo.

Kuchigayo nkhani inali ya ndalama ya ndiwo, ija abambo amasiya patebulo m'mawa. Mayi wina, ufa uli mbuu m'nsidze, anafotokoza kuti amuna ake anazolowera kusiya K2,000 kalekale, ndipo dzanja lawo silinamve kuti kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Madzulo amafunsa chifukwa chake bonya alibe tomato wokwanira. Tsiku lina mayiyo anangowabwezera ndalamayo pamodzi ndi jumbo: "Lero mupite ndinu, bambo, mwina amsika amaopa ndevu." Bamboyo anabwerako patapita maola awiri ali ndi kamulu ka bonya, tomato atatu ndi kamafuta koyeza, makala ataiwala. Anakhala pampando osanena kanthu. M'mawa mwake patebulo panali K5,000, ndipo pansi pake kapepala kolembedwa kuti "Pepani." Chigayo chonse chinaombera m'manja, ngakhale mnyamata wopima chimanga.

Ndakhala ndikuganiza za kapepala kameneko. Mikangano yambiri imene timaimva kudzera m'zipupa za nyumba za lendi muno imayambira pa mtengo wa thumba la makala, pa lendi, pa fizi, pa kaufa ka wokumani kogula madzulo malipiro asanatuluke. Munthu sungakalipire thumba la makala, ndiye umakalipira amene wagona naye mphasa imodzi. Bambo amene wayenda yekha mumsika wa Ndirande n'kubwera ndi mawu amodzi aja, ine ndimamuwerengera pa anthu anzeru.

Koma nkhani yaikulu ya sabata ino, imene inandipeza kuchigayo n'kundiperekeza mpaka pakhomo, ndi ukwati wa mwezi wamawa wa mwana wa aneba athu. Komiti yakhala kale kanayi. Gulu la pa WhatsApp lakhazikitsidwa, ndipo awiri atulukamo chifukwa cha mtundu wa chitenje cha yunifolomu, akuchikazi akufuna chobiriwira, akuchimuna akuti chobiriwira chinavalidwa kale pa ukwati wa mchimwene wa mkwati. Holo yapezeka, koma makashiya sanagwirizane. Amene sanapiteko ku ukwati wa m'tauni sangamvetse kulemera kwa ntchito ya makashiya. Iwowa amakhala patebulo kusintha ndalama zikuluzikulu kuti zikhale ma K50 ndi ma K100, kuti pa perekaniperekani munthu avine nyimbo yonse akuponya m'lichero osathera panjira. Wotsogolera mwambo amaitana akuchimuna, akuchikazi, anzake a mkwatibwi akuntchito, a kwaya, obadwa mwezi wa Juni, ovala nsapato zakuda, mpaka aliyense waimirira kasanu. Kenako agulitsa apozi, agulitsa keke. Ena amadandaula kuti ukwati wasanduka msika. Ine sindiona choncho kwenikweni. Ndinaonapo agogo ena akuvina ndi ndodo, atamasula mfundo ya pachitenje n'kuponya ma K20 awo asanu limodzilimodzi, nkhope ikuwala, ndipo akwatiwo anayambira banja pa ndalama zoterozo.

Agogo a mkwatibwi, amene abwera kale kuchokera ku Dedza kudzayang'anira zinthu, alibe nazo ntchito za holo. Iwo akufunsa chimodzi: ankhoswe ndani? Anakhala pamkeka n'kutikumbutsa ife, amene tinkapeta mpunga, mmene chinkhoswe chimayendera. Akuchimuna abwera ndi tambala, akuchikazi ndi msoti, asinthana. Atulutsa atsikana ofundidwa nsalu kumutu, wina wamtali, wina wamfupi, kuti akuchimuna aloze wawo, ndipo akalakwitsa anthu amagwa nako kuseka. Mkazi apatsidwa lichero, mthiko ndi chipande, mwamuna khasu ndi nkhwangwa. Ankhoswe a mbali zonse adyera pamodzi nkhuku, ndipo kuyambira tsiku limenelo matenda, maliro ndi mikangano ya banjalo ili pamapewa awo. "Masiku ano," anatero agogowo, "mumasankha nkhoswe poona galimoto. Tsiku la mavuto galimotoyo ili ku Mzuzu, mlandu mukuweruzira pafoni, bandulo n'kuthera pakati mkazi asanamalize kulira."

Tinaseka, koma ine ndinakumbuka malume anga a ku Ntcheu. M'chaka chachitatu cha banja lathu tinasemphana kwambiri ndi bambo a ana pa nkhani ya ndalama zotumiza kumudzi, kwawo kapena kwathu, ndipo tinatha sabata ziwiri tikulankhulana kudzera mwa mwana wa zaka ziwiri amene sankadziwa n'komwe kuti watumidwa. Malume anakwera basi, anafika madzulo fumbi lili m'mapazi, anaitanitsa nkhoswe ya kuchimuna. Anatimvetsera mpaka usiku osatidula mawu. Titatopa anafunsa kuti, "Mwamaliza?" Tinavomera. Anagawa nkhaniyo mwachidule, mwezi uno kwawo, mwezi wamawa kwathu, pakagwa matenda mbali iliyonse ndondomeko iyambe yaima. Kenako anati, "Mwana wa mlongo wanga, kaphike nsima, ndipo awa akakolezere moto." Tinakolezadi moto uja tili awiri, ndipo pofika povundula nsima tinali tayamba kuseka za mmene malumewo anagonera pampando chipewa chili kumaso. Dongosolo lawo tikulitsatabe.

Pa mkeka womwewo panabuka mtsutso wa anthu ongolowana. Mtsikana wina anati iye ndi bambo wa ana ake akhala zaka zisanu ndi ziwiri popanda chinkhoswe kapena tchalitchi, ndipo alamu ake amamuopseza kuti tsiku lina adzatuluka ndi chitenje chokha. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anamuuza kuti lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa mwambo, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera zisanu, khoti likaunika n'kuvomereza. Lamulo lomwelo linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Agogo a ku Dedza anagwedeza mutu, nati zimenezo kwawo anazimva kale kwa Inkosi Kachindamoto, imene inkathetsa maukwati a ana n'kuwabweza kusukulu. Mtsikana uja anapuma mozama, komabe agogowo anamuuza kuti apeze ankhoswe, poti khoti silibwera kudzazonda mwana akadwala malungo.

Za abambo ndimazimva kudzera kwa bambo a ana, amene Loweruka masana amakakhala pa bawo pafupi ndi ometa tsitsi ku Chinseu. Madandaulo a kumeneko ndi ena. Wina akuti mkazi wake anapereka kwa wogulitsa makala malaya ake amene wakhala nawo zaka khumi, ndipo tsopano amakumana nawo malayawo pamsewu atada bii. Wina akuti sangaike sipanala pansi osaipeza itasungidwa "pabwino," pamene mkaziyo payekha sapakumbukira. Amene anatenga chikho ndi bambo wa Bullets amene anakwatira mkazi wa Wanderers. M'Ndirande muno ambiri ndi a Maule, ndiye mayiyo ali ngati nkhuku yachilendo, koma saopa. Manoma akapambana pa Kamuzu Stadium, iye sanena kanthu. M'mawa amangomanga chitenje cha buluu n'kusesa pabwalo pang'onopang'ono, kuyambira pakhomo mpaka kumsewu, kuti aneba onse amuone. Maule akapambana, bamboyo amagula nkhuku, mayiyo n'kuiphika bwinobwino, koma tsabola amathira wa mkwiyo. Matimu awiriwa ndi a mzinda umodzi ndipo akhala akulimbana kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Banjali lili ndi ana anayi, awiri ofiira, awiri a buluu.

Pali nyumba ina mumzere wathu imene imatchulidwa kawirikawiri, ya mayi amene amuna ake ali ku Joni chaka chachinayi tsopano. Anthu amati bamboyo watchona, ali ndi wina kumeneko. Mawu akuti mtchona ndi akale. Depoti ya Wenela mumzinda muno inatenga dzina kwa bungwe limene linkatumiza agogo athu kumigodi ya ku South Africa, mpaka ndege yonyamula anthu obwerera kwawo inagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Nthawi imeneyo mkazi ankadikira kalata miyezi, mwina zaka. Neba wathuyu amadikira seveni koloko. Ndimamumva kuseri kwa chipupa akulankhula pavidiyo ndi amuna ake ali m'kachipinda ku Johannesburg, akuwaonetsa makope a ana, dzino limene lagweluka, malata amene wagula. Amakangana za kutalika kwa khonde la nyumba imene akumanga kumudzi ngati ali pa mphasa imodzi. Tsiku lina bamboyo anapempha kuti foni aiike pafupi ndi poto, amve kulira kwa usipa m'mafuta. Zimenezi pampopi sindinazinene, ngakhale mtima unkafuna.

Banja limene silinenedwa konse ndi la anthu amene anasamukira kuno kuchokera ku Chilobwe namondwe wa Freddy atawagwetsera nyumba mu Malichi 2023. Mvula ikangoyamba kudontha pamalata, bamboyo amatseka benchi yake ya nsapato, kaya pali makasitomala, n'kubwerera kunyumba kukakhala ndi mkazi wake mpaka ikate. Onse amaona, ndipo palibe amafunsa.

Madzulo a Loweruka lomwelo magetsi anazima nsima ili pamoto. Chiperoni chinali chitatsika paphiri la Ndirande, kuzizira kolowa m'mafupa. Tinayamba kufunsana za machesi ndi bambo a ana, ine ndikuti anatenga ndi iwo poyatsira zinyalala, iwo akuti ndinasunga ndine "pabwino." Anapezeka m'thumba la jekete lawo. Sanapepese ndi mawu, anangotulutsa mbaula pakhonde n'kuyamba kukupiza ndi chivundikiro cha poto, utsi ukuwalowa m'maso. Nsima itapsa anakwirira mbatata ziwiri m'phulusa, ana atagona tinakhala pomwepo tikuwotha, ine ndikuwafotokozera za kapepala ka kuchigayo, iwo za malaya a wogulitsa makala. Anafukula mbatata, ina inali yopserera mbali imodzi. Anaitembenuza m'manja, anaipemerera, n'kundipatsa yabwinoyo.

"Nangozo, madzi mwatunga okwanira? Mawa mwina sabwera."

"Zigubu zonse zadzadza."

"Ndiye m'mawa musadzuke msanga. Osamba nditereka ndine."