Mbiri ya Malemu Imene Ndinawerenga kwa Lunzu

Agogo aamuna atamwalira, amalume anandiitanira kuseri kwa siwa. "Iwe ndiye wa sukulu pano. Mawa uwerenga mbiri ya malemu." Ndinavomera msanga. Koma mbiri imene ine ndinkaidziwa inali ya m'kalasi: Chilembwe 1915, ufulu 1964, chaka ndi chochitika chake, zonse zotapa m'buku. Choncho sindinafunse munthu aliyense. Ndinangopempha kiyi wa sutikesi yachitsulo imene agogo anabwera nayo kuchokera ku Joni, n'kuchezera usiku ndi tochi ya foni, amayi a mvano akuimba m'nyumba.

Munali zambiri. Chiphaso cha unzika cha kalembera wa 2017 chinati anabadwa mu 1950. Munali mapepala a Wenela, othimbirira koma owerengeka. Agogo anali m'gulu la amene anabwerera kumudzi Kamuzu ataletsa zopita kumigodi, ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi 74. Munalinso kalata ya ukwati wa kutchalitchi, ndi makadi a ubatizo a ana asanu. Ndinalemba zonse mwadongosolo, mtima uli m'malo.

M'mawa mwake, amfumu asanalankhule, ndinaima pafupi ndi bokosi. Nditangoti "anabadwa mu 1950", kumbali ya azimayi kunamveka kung'ung'udza. Mlongo wawo wa malemu, gogo wofooka woyendera ndodo, anakweza mawu: "Ayi mwanawe! Pa njala ya fote naini, achimwenewa ndiwo ankandibereka kumbuyo popita kukalandira chimanga. Wosabadwa amabereka mwana?" Kwa Lunzu njala ya 1949 ndiyo kalendala ya okalamba. Iwo amadziwa amene anali akuyamwa, amene anali atamera mano ndi amene bambo ake anapita kukasuma osabwerako. Agogo tsiku lawo lobadwa sankalidziwa. Polembetsa anangotchula chaka chimene chinawabwerera.

Zimenezo anthu akanazikhululuka. Ndinapitiriza, mawu akunjenjemera: "Malemu asiya mkazi mmodzi ndi ana asanu." Pamenepo bambo wina wa imvi amene anakhala kutsogolo anaimirira, navala chipewa chake, nauyamba ulendo. Azimayi awiri anamutsatira, mmodzi akulira mokweza kuposa mmene analirira pofika.

Anali ana a agogo. Asanapite ku Joni, agogo anakwatira ku Lirangwe, ukwati wa ankhoswe, wopanda pepala. Banja litatha, ana atatuwo anatsala kwa amayi awo, monga mwa chikamwini. Akuluakulu onse ankawadziwa. Anawo ndiwo anagula nsalu ya m'bokosi. Ine ndinawafufuta pamaso pa mudzi wonse, pa tsiku lokhalo limene dzina lawo likanatchulidwa limodzi ndi la bambo awo.

Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa pamaliro mbiri si ndandanda ya zaka. Ndi pamene banja limavomereza pagulu kuti uyu ndi wathu, uyunso ndi wathu. N'chifukwa chake mawu omwewo timawagwiritsa ntchito tikamati wakutiwakuti ali ndi mbiri yabwino, kapena kuti mbiri yake yawanda. Imeneyo imakhala pakamwa pa anthu, ndipo musutikesi munali kachigawo kake chabe.

Mwambo unaima. Amalume ndi nyakwawa anawathamangira n'kuwapeza pamsewu, ndipo adzukulu anadikira kumanda dzuwa likuswa mtengo. Atabwerera, amfumu analamula kuti mbiri iwerengedwenso. Gogo uja anakhala pambali panga n'kumanditchulira maina, ine n'kumabwereza mokweza, ana asanu ndi atatu, kuyambira woyamba kubadwa.

Tsiku losesa ndinapita kukagwada pamaso pa bambo aja. "Amalume, ndinakulakwirani." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati m'mapepala a Wenela muja munali chithunzi. Chinalimo, ndipo ndinawapatsa. Azakhali awiri aja sanandilankhule, ndipo pa mwambo womanga chiliza sanabwere.