Njira Yachidule Yowaulira Makorali M'thanki

Munthu amene wagula makorali odula n'kuwaika m'thanki yagalasi pabalaza, koma akufuna afe mwezi usanathe, asavutike kusaka poizoni. Angokhulupirira maso ake basi.

Aime patali, manja m'chiuno, ayang'ane nyale za LED zabuluu zija n'kudandaula kuti, "Koma mdimawu!" Kenako apotokole kabatani mpaka kumapeto. Diso la munthu limakondera kuwala kobiriwira, kwa mananomita 555, ndipo kwabuluu limakuona ngati chizimezime. Chonsecho ndere zing'onozing'ono zotchedwa zooxanthellae, zomwe zimakhala m'thupi la korali n'kumamuphikira chakudya, zimadalira kwambiri kuwala kwabuluu komweko. Kukapyola muyezo, korali amapirikitsa ophika akewa n'kutsala mbuu ngati ufa woyera. Mwini wake ajambule msanga, aponye pa Facebook, anzake amutame kuti ndi waukhondo.

Mita ya PAR aithawe ngati wangongole. Kachipangizoka kamawerenga kuwala kwa pakati pa mananomita 400 ndi 700, ndipo kalibe ulemu. Kakhoza kumukumbutsa kuti makorali ofewa amakhuta ndi 50 mpaka 150, a Acropora amafuna cha m'ma 200 mpaka 400, pomwe dzuwa lamasana likakwiya limafika pafupifupi 2,000 pamwamba pa madzi. Kuwonjezera apo kamagwiritsa munthu ganyu: kupinda malaya, kuviika mkono m'madzi amchere mpaka m'khwapa, kuyeza pamwamba pa mwala, pamchenga, pakona, kuseri kwa nthambi, n'kulemba zonse papepala lonyowa. Kungosuntha chikhatho chimodzi, nambala yasintha kale. Amagulira thanki kuti azipuma kapena kuti azisamba?

Achibale akaumirira kumugulira mita ya Apogee, kampani ya ku Logan ku Utah, akane MQ-510, yomwe inapangidwira m'madzi. Atenge yoyezera pamtunda. Imeneyo ikamira imawerenga mochepekera, ndiye apeza umboni wowonjezerera nyale. Pulogalamu ya pafoni yoyeza lux nayonso ndi bwenzi labwino, poti imaona ngati diso lake lomwe lija.

Korali watsopano asamuzoloweretse pang'onopang'ono kwa milungu monga achitira amantha. Amukhazike pamwamba penipeni tsiku lomwelo, ngati mlendo wolemekezeka.

Thanki ikasanduka manda, akhuthule madzi amcherewo, aikemo mbuna za m'nyanja ya Malawi. Zimenezo zili mbwee m'mathanki a ku Ulaya ndi America, ndipo ndere zimachita kudzipalira zokha pamiyala.