Mphika wa ku Joni ndi mlonda wake

Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Joni pa Khirisimasi, ena analandira mafoni, ena nsapato. Ife tinalandira mphika. Uli ndi chingwe ngati wailesi, m'kati mwake muli mbiya yolemera, pamwamba chivundikiro chagalasi. Dzina lake akuti slow cooker.

"Alamu, uwu ukuyenera inuyo," anatero. "Mumangoponyamo nyama m'mawa n'kuchokapo. Madzulo mupeza ndiwo zapsa zokha."

Ine ndinayesa ndi ulemu. Ndinadzazindikira mochedwa kuti mlongo wake anali atamusimbira kale mbiri yanga ya kukhitchini, ndi ya ketulo ija ndinaipsereza mpaka kuboola.

Mphikawo unagona pa kabati miyezi iwiri, chifukwa pulagi yake ndi ya mano ozungulira a ku South Africa pomwe masoketi athu amafuna amakona. Nditapeza adaputa, ndinalengeza Loweruka lina m'mawa: "Mayi a ana, pitani kuchinkhosweko mtima uli m'malo. Zamadzulo zili m'manja mwanga." Anandiyang'ana momwe amayang'anira wogulitsa usipa akamalumbira kuti ndi wa lero.

Musandiyese mbuli, mbiri ya mphikawu ndinaiwerenga. Anaupanga ndi Irving Naxon wa ku Chicago, ndipo chikalata cha umwini wake anachilandira mu 1940. Nzeruyo anaitola kwa mayi ake, omwe ankamusimbira za Ayuda a kwawo ku Lithuania. Lachisanu madzulo ankanyamula mphika wa nyemba ndi nyama n'kukausiya mu uvuni wa wophika buledi kuti uzipsa ndi kutentha kotsalira usiku wonse, popeza pa Sabata sakoleza moto. Mu 1971 kampani ya Rival inayamba kuugulitsa ndi dzina la Crock-Pot. Agogo anga ku Ntcheu ankachita zomwezi ndi chikuni chimodzi ndi nyemba zawo, koma palibe anawapatsa chikalata.

Kubutchala ndinapempha kilo imodzi ya pamsongolo, yolimba ija, yotsika mtengo. Ndinafotokozera onse anali pamzere kuti minyewa ikakhala pamoto wofatsa maola ambiri imasungunuka n'kupanga msuzi wonanda, ngati wa mang'ina. Izi n'zoona. Kungoti palibe anandifunsa.

Kapepala ka malangizo kankati uyambe wakazinga nyama pa sefuliya ina kuti ifiire. Ndinati zimenezo n'za anthu opanda chochita. Kankatinso madzi akhale kapu imodzi yokha, chifukwa mphikawu sutaya nthunzi. Kapu imodzi pa kilo yathunthu? Mzungu analemba zimenezi sanadyepo nsima ndi ana anayi. Ndinathira madzi mpaka m'khosi ngati ndikuphika nyemba, n'kuponyamo anyezi, tomato, kaloti, adyo ndi mchere. Ndinaika pa Low, pa maola 8. Ndinawerengera ndi magetsi omwe: kamphika ka mawatsi 200 kakayaka maola 8 sikatha mayunitsi awiri. Ndinadziona ngati nduna ya zachuma.

Ntchito yotsala inali imodzi basi, kuchokapo. Apa ndi pamene panagona nkhani.

Ine ndinakulira pa mphika wolankhula. Ndiwo zikakhala pa mbaula zimabwata, chivundikiro chimavina, fungo limakafika kwa aneba. Uwu unangoti zii, ngati mwana woti waswa mbale. Itakwana 10 koloko ndinakayika khutu. Zii. Ndinaukhudza m'mbali, wofunda ngati munthu wa malungo. Ndinavundukula kuti ndione ngati uli moyo.

Akuti ukavundukula kamodzi, kutentha kumathawa ndipo wawonjezera mphindi ngati 20. Ine ndinavundukula ka 11. Werengani nokha, masamu ake amandichititsa manyazi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma akuluwo sanasiyidwepo okha m'nyumba ndi kilo ya ng'ombe yooneka pagalasi.

Ndipo munthu suvundukula n'kubwerera chimanjamanja. Nthuli yoyamba ndinalawa kuti ndimve mchere. Yachiwiri, kuti nditsimikize zomwe yoyamba inanena. Ya 12 koloko inali ngati tayala la njinga, choncho cha m'ma 1 koloko kunali koyenera kuona ngati zasintha. Mwana wanga wamng'ono anandipeza ndili ndi foloko m'manja.

"Adadi, mukutani?"

"Ndikuyeza."

Naye anapempha kuyeza. Anaitana akulu ake. Tinakhala bungwe loona za miyezo, ine wapampando.

Cha m'ma 4 koloko, nyama itangoyamba kugonja, magetsi anathima. Naxon uja za ife sanaziganizire. Mbiya ya m'katiyo siikidwa pa makala, imang'aluka, ndiye ndinakhuthulira zonse mu sefuliya yathu yakale yopanda chogwirira, n'kukoleza mbaula yomwe ndinainyoza m'mawa. Pokhuthulapo ndi pamene ndinaona zoona zake: nyanja ya msuzi, tizilumba ta kaloti, ndi nthuli zisanu ndi ziwiri zikusambira motalikirana ngati zayambana.

Kuti msuzi ulimbe, umasungunula kaye fulawa m'madzi ozizira, kenaka n'kuthira uku ukutakasa. Izi ndikuzidziwa lero. Tsikulo ndinangokhuthula fulawa wouma mumsuzi wowira, ndipo anaundana timibulu tofiirira. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pa kuwala kwa kandulo timibuluto tikufanana ndi nyama. Ndinathokoza kuthima kwa magetsi.

Mayi a ana anafika ndi mlendo: apongozi anga. Nsima anaphika ndi mwana wathu wamkulu, yokhayo ndiyo inalibe mlandu. Apongozi anasamba m'manja, anatema mbamu, anavuula kambulu kamodzi n'kukatafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga. Ana anga, mamembala a bungwe lija, anaweramira m'mbale zawo.

"Nyama ya masiku ano ikufewa," anatero apongozi. Anatafunanso. "Ng'ombe yake inkadyera kuchigayo eti?"

Mayi a ana anatsamwa ndi madzi. Ine ndinanena kuti ndi kaphikidwe ka ku America.

Lamulungu lotsatira mayi a ana anaphika okha. Anakazinga nyama mpaka kufiira, anathira kapu imodzi ya madzi, anavundikira, tonse n'kupita kutchalitchi. Tsikulo magetsi sanaphethire n'komwe, nawonso amadziwa woopa. Madzulo nyama inkachoka ndi supuni, msuzi wake wokakamira ku mbamu, ana mpaka kunyambita zala. Ndinati mwaona, mphika wanga uja ndi umenewu.

Sanandiyankhe. Ankabweza kiyi wa kukhitchini m'chikwama chawo, momwe anakhala tsiku lonse.