Mwana wa Ng'ona ndi Dziwe la Hollywood

Mabuku amene anthu otchuka m'mafilimu ali ana amalemba atakula, ofotokoza za moyo wawo, amafukula mwambi umodzi wakale: mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Akuluakulu ankatanthauza kuti munthu amakhwima poyenda ndi kuona zina. Iwo sankadziwa kuti kudzabwera dziwe la makamera, limene khamu la anthu limaima m'mbali mwake n'kumaletsa kang'onako kukula.

Dziwe loyamba ndi la kutchuka. Mara Wilson anaonekera ali ndi zaka 6 mu filimu ya Mrs. Doubtfire ya 1993, kenaka mu Matilda mu 1996. Jennette McCurdy anadziwika ndi sewero la iCarly pa Nickelodeon kuyambira 2007 mpaka 2012. Madzi a m'dziweli ndi ozizira bwino, koma nsomba zake amadya ndi eni dziwe. Jackie Coogan, amene anasewera ndi Charlie Chaplin mu The Kid mu 1921, anapanga madola mamiliyoni angapo, ndipo atakula anapeza kuti mayi ake ndi bambo ake omupeza anadyeratu pafupifupi zonse. Anawasumira mu 1938, ndipo mu 1939 boma la California linakhazikitsa lamulo loteteza ndalama za ana otere. Lero lamuloli limafuna kuti magawo 15 pa 100 aliwonse a malipiro a mwana azisungidwa padera, kutali ndi manja achikondi a abale.

Kenaka dziwe limaphwa. Mawu amasintha, ziphuphu zimamera, ndipo foni ya opanga mafilimu imasiya kulira. Wilson anachoka m'mafilimu akuluakulu itatuluka Thomas and the Magic Railroad mu 2000. Vuto n'lakuti filimu sikalamba. Woonera amaona kamwana komwe kaja chaka ndi chaka, ndipo akaona chithunzi cha mwini wake ali ndi zaka 30 amakwiya ngati wina wamusinthira mbuzi m'khola usiku.

Maiwe otsatira ndi osiyanasiyana. Shirley Temple, amenenso anatchuka m'mafilimu ali mwana, anasambira mtunda wautali kwambiri mpaka anakakhala kazembe wa America ku Ghana mu 1974, n'kudzatulutsa buku lake la Child Star mu 1988. Wilson anatulutsa Where Am I Now? mu 2016, mutu wake ukubwereza funso limene anthu sankatopa kumufunsa, lakuti ali kuti masiku ano. McCurdy anatulutsa I'm Glad My Mom Died mu 2022, mmene akufotokoza za mayi amene anamulowetsa m'masewero ali wamng'ono ndi kumamuwerengera chakudya. Mutu wa bukuli ukunena poyera kuti wolemba akukondwa kuti mayi ake anamwalira, choncho wowerenga wanzeru amalikuta ndi nyuzipepala akamapita nalo kwa makolo.

Owerenga mabukuwa amabwera ndi zolinga ziwiri. Ena amafuna miseche: ndani anakangana ndi yani, ndipo ndalama zinalowera kuti. Ena amafuna kukacheza ndi ubwana wawo womwe, poganiza kuti kamwana ka pa TV kaja kakuwadikirabe. Onsewa amakumana ndi ng'ona yaikulu ya mano okwanira. Wilson akulemba za imfa ya mayi ake mu 1996, Matilda isanatuluke, ndipo wowerenga amene ankaseka filimuyo amazindikira kuti nayenso anali m'gulu la oima m'mbali mwa dziwe, akuomba m'manja osafunsa ngati mwanayo wadya.

Pali mbali imodzi imene mwambiwu sunaione. Osindikiza mabuku amadziwa kuti malonda ali pa dzina la filimu yakale ija, ndipo atolankhani amayambira pomwepo mafunso awo. Motero mwana wa ng'ona amakuliradi m'maiwe ambiri, koma likakwana tsiku logulitsa buku amakayala malonda ake m'mbali mwa dziwe loyamba lija.