Mbale wathu watisiya

Pagulupu ya WhatsApp ya m'dera lathu pali anthu ambiri kuposa amene amabwera kumsonkhano wa chitukuko. Pali amayi a geni ya kaunjika, anyamata a kabaza, anamwino, abusa awiri amene sapatsana moni, ndiponso ahedi opuma, amene choko adachisiya kalekale koma cholembera chofiira adapita nacho kunyumba.

Tsiku lina kusanache bwinobwino padalowa uthenga: "Anthuni mbale wathu watisiya usiku wathawu kuchipatala zamalilo tikuuzani". Pasanathe mphindi zisanu mafoni anali kungolira. Wina "RIP", wina "pepani", wina "MHSRIP", zilembo zimene ambiri mwa ozilemba sadziwa kuti zikuimira chiyani, koma zimaoneka zachisoni ndithu. Agogo ena, pofuna kuonetsa kuti nawonso zawakhudza, adatumiza tinkhope titatu togwetsa misozi, osadziwa kuti misozi yakeyo ndi ya phwete. Palibe adawadzudzula. Tonse tidamva chimene agogowo amatanthauza.

Kenaka ahedi adatulukira. "Pepani anamfedwa nonse. Koma chonde tisamale kalembedwe. Mbale ndi yodyeramo. Amene watisiyayu ndi m'bale. Komanso timalemba maliro, osati malilo. Zikomo."

Pagulupu padangoti zii. Mwini uthenga adatulukapo. Adimini adamubwezerapo. Adatulukanso. Madzulo ake pasiwa, m'malo mofunsana kuti malemu amadwala chiyani, azibambo ozungulira moto anali pamtsutso woti ahedi ndi munthu wophunzira kapena ndi munthu wopanda khalidwe. Mkulu wina adagamula kuti ziwirizi zimatha kukhala mwa munthu mmodzi. Ndipo msungichuma atawerenga mayina a amene apereka chipepeso, dzina la ahedi silidamveke. Lonjezo lawo lokha ndi limene linalipo, lolembedwa bwino zedi, lembo lalikulu pachiyambi, mpumiro kumapeto.

Tisawanamizire, ahediwo sadaname. Kachizindikiro kakang'ono kaja, kamene kusukulu tinkakatchula nkhodolero, kali ndi ntchito. Wapampando wa kwaya akalemba kuti "achinyamata mubwere ndi ngoma kutchalitchi", ndiye kuti watuma ana a eni kukasaka nyama ya nyanga zopotana kutchire, mlandu woti n'kumangidwa nawo, pomwe iye amangofuna ng'oma. Lamulo la l ndi r nalonso lilipo ndipo ndi losavuta: r amabwera pambuyo pa i kapena e, monga mu kulira ndi kulera, pomwe l amatenga malo ena onse. Vuto ndi loti pakamwa pathu zilembo ziwirizi sizikangana. Munthu atha kukhala zaka 70 akulira maliro ambirimbiri osadziwa kuti amalira ndi r.

Ahedi ndi ana a nthawi imene Chichewa chinali ndi apolisi ake. Mu 1968 chiyankhulochi chidakwezedwa kukhala cha dziko lonse, dzina loti Chinyanja n'kuikidwa pambali. Mu 1972 kudabwera bungwe la Chichewa Board, ndipo chaka chotsatira lidatulutsa malamulo a kalembedwe. Kamuzu Banda mwini wake nkhani ya Chichewa ankaitenga ngati yake. Ali wophunzira ku Chicago ndiye adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la galamala ya Chichewa limene lidatuluka mu 1937. Ndiye mukaona mkulu wa msinkhu wa ahedi akunjenjemera ndi "malilo", mumvereni chisoni. Iye adakula akudziwa kuti Malaŵi amalembedwa ndi w wovala kachipewa, ndipo adakwapulapo ana chifukwa cha lembetso. Bungwe lija lidatha, mu 1996 m'malo mwake mudalowa Centre for Language Studies ya kuyunivesite ku Zomba, imene imachita kafukufuku koma siyendera magulupu a WhatsApp. Ntchito yoyenderayo ahedi adangodzipatsa okha, yopanda malipiro.

Chimene ahedi sakonda kukumbutsidwa n'choti malamulowo nawo adasinthasintha. Pagulupu pomwepo pali mkulu wa mpingo amene amalemba "cifukwa ca bvuto limeneli". Achinyamata amaganiza kuti foni yawo idathyoka batani la h. Ayi ndithu. Mkuluyo adaphunzira kuwerenga ndi Buku Lopatulika lakale, lija lidatuluka mu 1922, mmene ch ankalembedwa c yekha, ndipo abale athu a ku Chipata mpaka lero amalemba Cinyanja chomwecho. Tsiku limene ahedi adayesa kuwawongola, mkuluyo adangoyankha kuti: "Mau a Mulungu sasintha, aphunzitsi." Nkhani idathera pomwepo.

Kudula mawu pafoni kudayamba ndi umphawi, tisaiwale. Uthenga umodzi wa SMS unkalola zilembo 160 basi, ukapitirira udalipira kawiri. Pamafoni a mabatani aja, kuti upeze z umayenera kudina 9 kanayi, s kudina 7 kanayi. Kulemba "zikomo" kunali kuyamba ndi thukuta. Ndiye anthu adaphunzira kusunga mayunitsi: "gud 9t", "cz", "xul", "tnx". Lero bandulo ya WhatsApp sikuwerengera zilembo, koma chizolowezi chidatsala. Mwana wobadwa dzana, amene foni ya mabatani sadaigwirepo, akulemba "nde bho" mosamala mayunitsi amene palibe akumulipiritsa. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Akadaona zimene chala chachikulu chimodzi chachita ndi Chichewa, mwambiwo akadauganiziranso.

Foni nayo ili ndi mlandu wake. Zambiri zimadziwa Chizungu chokha, ndiye ukalemba "muli bwanji" iyo imaganiza kuti wasokonezeka, n'kukukonzera kuti "multi bwanji". Uthenga wapita kale, apongozi awerenga.

Koma apa ndi pamene pali chinyengo cha m'tauni. Timati kalembedwe kalibe ntchito, bola uthenga wamveka. Bodza. Kalibe ntchito pa Chichewa pokha. Yesani kulakwitsa Chizungu muone. Mayi wina wogulitsa zitenje adalemba pasitetasi kuti "new stork has arrived", pofika masana chithunzi cha uthengawo chinali chitafika ku Mzuzu, madzulo chinali ku Johannesburg, aliyense akuikapo "kkkkkk" wautali kuposa uthengawo. Tsiku lomwelo bwana wina wa digiri ziwiri, woyendera galimoto ya kampani, adalemba kuti "ndi dza ku imbilani ndika fika ku office", mawu atawaduladula ngati nyama ya pachiwaya, ndipo palibe adatsokomola. Mukamufunsa amayankha monyadira, akusewera ndi makiyi: "Aaa, ine Chichewa chimandivuta." Munthu wobadwira ku Dedza, mchombo wake uli ku Dedza, amayi ake akugulitsa mbatata pamsewu ku Dedza. Kulephera Chizungu ndi manyazi, kulephera Chichewa ndi udindo.

Sitidayambe dala. Amene adalemba mayeso a MSCE akudziwa kuti ukhoza kukhoza masamu, sayansi ndi Chichewa chomwe, koma ukagwa Chizungu satifiketi palibe. M'sukulu zambiri wolankhula Chichewa ankapatsidwa chibalo chotchetcha kapena kukolopa. Mwana amene adatchetcha bwalo lonse chifukwa chonena kuti "ndikufuna kukataya madzi" sangakule n'kumalemekeza nkhodolero. Iye adaphunzira phunziro lake bwinobwino: pali chiyankhulo chimene ukalakwitsa umalangidwa, ndipo pali china chimene umalangidwa ukachilankhula.

Komabe musanyengedwe kuti anthuwa kulemba sadziwa. Amadziwa. Amangosunga luso lawo kudikira tsiku la ngongole. Ndili ndi mphwanga amene chaka chonse mauthenga ake ndi "bho ankolo", "shap", "nde zkuyenda?". Koma mwezi ukafika pa 20, kumabwera chimangirizo choti MANEB itachiona ingapereke mphoto:

"Okondedwa amalume, ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi azakhali ndiponso ana onse. Ine kuno ndili bwino, kungoti pali kavuto pang'ono. Eni nyumba andipatsa masiku atatu. Ngati n'kotheka mundibwerekeko K40,000, ndidzabweza mwezi ukangotha. Mulungu apitirize kukudalitsani."

Onani nkhodolero ali pamalo pake mu "n'kotheka". Onani mpatuliro. Onani r mu "ndikhulupirira", onse awiri. Mukangotumiza ndalamayo, galamala imathawa nthawi yomweyo. Yankho lake ndi kachala koloza kumwamba. Mwezi ukatha mukafunsa, kumabwera lembo limodzi lokha, "k". Mukafunsanso, timizere tiwiri tija timasiya kusanduka tabuluu, chifukwa mwini wake wapeza pozimitsira.

Ndipo m'mauthenga onse a m'tauni muno, pali chinthu chimodzi chimene sichilakwika: nambala ya Airtel Money kapena ya Mpamba. Munthu amene dzina la mkazi wake amalilemba mitundu itatu, manambala khumi aja amawalemba bwinobwino, n'kuwawerenganso kawiri, n'kuwonjezera kuti "litulukira dzina la alamu anu". Amene amati chala chimaterereka pafoni atiuze chifukwa chake sichiterereka pamenepo. Ngakhale akuba a pafoni aja, amene amatumiza uthenga woti ndalama ija mutumize panambala iyi, pa Chichewa amapunthwa koma panambala sapunthwa.

Galamala imene imaphadi munthu m'tauni si ya l ndi r. Ndi ya ulemu. Mkamwini atha kulembera apongozi ake kuti "mwazuka bwanj amai", zilembo zitatu zitasowa, ndipo apongoziwo adzauza anzawo kumpingo kuti mwana wawo adakwatiwa ndi munthu. Koma alembe mosalakwitsa lembo ndi limodzi lomwe kuti "Wadzuka bwanji?", ndi mfunsiro womwe, ankhoswe aitanidwa Loweruka lomwelo. Mnyamata wina wa kwathu kuno adachita zimenezi mwangozi. Uthenga umapita kwa mkazi wake, chala chidasochera. Adayesa kuufufuta, koma pamalopo padatsala chipsera chija chonena kuti uthengawu wafufutidwa, ndipo apongozi anali atawerenga kale, magalasi ali pamphuno. Mlanduwo udatha ndi nkhuku. Pamenepa ngakhale mnyamata wa kabaza amene adalekeza Sitandade 5 salakwitsa: amadziwa woyenera "iwe" ndi woyenera "inu", amadziwa poika "a" patsogolo pa dzina, amadziwa kuti kwa bwana "bwera" amakhala "bwerani" ndipo kwa apongozi amakhala "mwina mukadabwera". Malamulo amenewa sadawawerenge m'buku la Chichewa Board.

Ena, pothawa cholembera chofiira, adasamukira kumavoisi. Awa ndiye atimaliza. Uthenga woti "msonkhano wa banki m'khonde uli 2 koloko" umasanduka mphindi zisanu ndi ziwiri: moni, kupepesa chifukwa cha chimfine, tambala akulira kumbuyo, "iwe Junior tsika pamenepo", mbiri ya mmene banki idayambira, kenaka netiweki. Nthawi ya msonkhano ili penapake pakati, muisake nokha. Ndipo simungaumvere muminibasi, pokhapokha ngati mukufuna kuti kondakitala ndi anthu onse adziwe amene sadabweze ngongole ya mwezi watha. Ukafika pamenepa umayamba kulakalaka "malilo" uja. Anali wolakwika koma anali wamfupi.

Palinso owongola a nyengo. Awa saona cholakwa chilichonse mpaka atayamba kugonja pamtsutso. Mukangane za Bullets ndi Wanderers, kapena za mtengo wa feteleza, mfundo zikawathera mudzamva: "Kaphunzire kaye kulemba." Mawu ake omwewo atalembedwa "kaphuzile kae kulemba". Mdani wawo naye sayankhanso za mpira, akuyamba kufunsa kuti iwe Fomu 4 udakhoza ndi mapointi angati. Pofika usiku gulupu yonse ikudziwa amene adabwereza Sitandade 8 katatu, koma chigoli chija ngati chinali cha ofusayidi, palibe wanena.

Ine pamlanduwu ndagamula motere. Pocheza, lembani mmene chala chafunira. Amene akufuna lembetso atsegule sukulu. Pa uthenga wa maliro, wa mankhwala, ndi wa kwa apongozi, werenganinso kamodzi musanadine, chifukwa kumeneko lembo limodzi limatha kukudyerani nkhuku. Amene mumaseka Chizungu cha mayi wa zitenje, yambani mwatilembera "ndidzakuimbirani" ngati liwu limodzi, tikuoneni. Ndipo iwe mphwanga, ndikudziwa kuti ukuwerenga. Lemba "ndatumidza", lemba "ndatumisa", lemba mmene ungathere, sindikonza. Nambala ndi yomwe ija.